Funsani Anakhitchini: Masikono anga akutuluka olimba ngati mwala

FUNSO: Zikomo anti, ine ndi mayi wa ana awiri kuno ku Chilomoni. Ndinalawa ma cream scones kwa alamu anga amene anakhalako ku UK, ofewa mpaka kusungunuka mkamwa, ndiye ndayesa kawiri konse koma anga akutuluka olimba zoti ana amayamba aviika mu tiyi kaye kuti alume. Uvuni ndilibe, ndimaphikira pa mbaula. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Mayi, mbaula isiyeni ilibe mlandu, ine ndikukayikira manja anuwo. Ife tinazolowera mandasi ndi masikono a yisiti aja timakanda mpaka thukuta, koma awa a kirimu safuna zimenezo olo pang'ono. Fulawa ikanyowa nkuikanda kwambiri imayamba kutamuka ngati labala, ndiye ikapsa ndi mwala umene mukunenawo.

Tengani makapu 2 a fulawa, supuni yaikulu imodzi ya baking powder, masupuni 3 a shuga ndi kamchere pang'ono, sakanizani zouma zokhazokha kaye. Kenako thirani kirimu wozizira bwino kapu imodzi ndi kota, uja amalemba fresh cream kapena whipping cream mu shopu, osati mkaka wamba ayi chifukwa mafuta onse a sikonoyo ali mu kirimu momwemo, nchifukwa chake batala kapena majarini sitiikamo. Vundulani ndi foloko, ikangogwirana basi siyani pomwepo ngakhale ikuoneka yosasalala, inde imaoneka ngati simunamalize koma ndi mmene imafunikira.

Ikani pa tebulo lowaza fulawa, phwatalitsani ndi chikhatho mofatsa, ikhale yokhuthala ngati zala ziwiri zogundana. Podula ndi tambula dindani molunjika nkuzula, musapotokole, mukapotokola m'mbali mumamatana ndiye sikono imafufuma mopendekeka kapena osafufuma nkomwe. Pamwamba pakani kakirimu kotsala kaja kuti afiire bwino.

Pa mbaula yalani mchenga pansi pa poto wamkulu, poto atenthe kaye musanaikemo thireyi, pansi makala ochepa koma pa chivundikiro ambiri. Awa amafuna moto waukali kwa nthawi yochepa, amene ali ndi uvuni ndi madigiri 220 kwa mphindi 12 mpaka 15. Moto wofooka umangowaumitsa. Ndipo chonde musamavundukule pafupipafupi.

Chinanso yesani baking powder wanuyo, kasupuni kamodzi m'madzi otentha, akapanda kuchita thovu ndiye kuti anatha mphamvu kalekale, kagulenso wina.

Mudye tsiku lomwelo akadali ofunda, mawa lake amakhala atayamba kuuma. Mukaitana alamuwo muwafunse kuti amayamba kupaka chiyani, poti ku England komweko anthu a ku Cornwall amayamba jamu kirimu pamwamba pomwe a ku Devon amayamba kirimu. Ine ndimayamba jamu, amapakika bwino pa sikono yofunda.