Musadikire foni yake, achemwali

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba pagulu pano zoti mwamuna wakuthawani muli ndi pakati, mpaka ndasiya mbale m'madzi. Mimba ya miyezi isanu, mwamuna wakubulokani pa foni, lendi ikudikira, ndiye ine ndendende mu 2023. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi imandiwawabe pamtima.

Wangayo anali pa ntchito yabwinobwino m'tauni, wolandira pakutha pa mwezi. Tsiku lomwe ndinamuuza za mimba anangondiyang'ana n'kuti, "Ndiye ukudziwa bwanji kuti ndi yanga?" Zaka ziwiri ndikumuchapira, ndikumuphikira! Kusikelo ulendo woyamba anandibweza ati ndibwere ndi bambo wa mimbayo, apo ayi kalata ya kwa amfumu. Ndinapita kwa amfumu a m'dera lathu n'kufotokoza manyazi anga onse pamaso pa anthu omwe ankadikira milandu ya malire. Kalatayo katengeni msanga inu, musachite manyazi ngati ine, chifukwa sikelo m'chipatala cha boma ndi yaulere, amakupatsani neti, mapiritsi owonjezera magazi ndi Fansidar, komanso amakuyezani magazi. Ine ndinayamba mochedwa chifukwa choopa kufunsidwa za mwamuna.

Ndinkagulitsa mandasi ndi zitumbuwa kuno ku Bangwe, n'kumaponya pang'onopang'ono ku banki m'khonde kuti ndidzagule zofunika pochira. Ndiye mukukumbuka Novembala uja kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Ndalama yomwe ndinkati ikwana beseni, zitenje zisanu, pulasitiki yakuda ija ndi tizovala ta mwana inangogula beseni, pulasitiki ndi zitenje ziwiri basi. Ufa wa mandasi ndi mafuta zinakwera, mpamba unathera m'mimba.

Usiku womwe matenda anayamba sindidzauiwala. Munali mu Disembala, mvula ikugwa ngati yatumidwa, magetsi atazima. Nsupa inasweka cha m'ma 11 koloko ndili ndekha m'nyumba, mu Mpamba muli K1,500 yokha. Ndinakwawa, inde kukwawa ndi maondo m'matope, kukagogoda kwa aneba kuti andibwereke foni ndimuyimbire mwamunayo poti nambala yanga anali atayibuloka. Anayankha. Kumbuyo kwake kukumveka nyimbo ndi anthu akuseka. Ndinangoti "ndine, zayamba," iye thi, wadula. Kuyimbanso, foni yazimitsidwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti sabata yomweyo kunali chinkhoswe chake ndi mkazi wina, ndipo abale ake onse ankadziwa. Ndinakhala pakhonde la anebawo ndikunjenjemera, chitenje chitanyowa, ndikuwerenga mphindi pakati pa ululu ndi ululu, ndikuganiza kuti ndiberekera pompano ngati mbuzi. Amene anatuluka ndi tochi ndi alandilodi, agogo omwe ndinkawazemba chifukwa ndinali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Sanafunse kanthu. Anamanga chitenje, n'kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, n'kumasula ndalama pa mfundo ya mpango wawo. Tinakwera atatu, ine pakati, pulasitiki yoberekera ija titafunda kumutu, njinga ikuterereka m'zigwembe. Pena ndinkamuluma mnyamatayo pamsana, mpaka lero akandiona amaseka. Pofika kuchipatala anafunsa kuti wondidikirira ndi ndani, agogo aja anati "ndine mayi ake." Anagona pasimenti masiku awiri, akundiphikira phala. Mayi anga enieni ali kumudzi ku Ntcheu ndinali ndisanawauze n'komwe kuti ndili ndi pakati, kuopa kuwakhumudwitsa. Uchitsiru.

Koma amene amandipsetsa mtima kuposa mwamunayo ndi mayi ake. Ndinapita kwawo mimba ili miyezi isanu ndi umodzi, ndinagwada bwinobwino mwaulemu, iwo ali pampando osandipatsa ngakhale madzi akumwa. Ati mwana wawo ndi wophunzira, sangapereke mimba kwa wogulitsa mandasi. Lero mwana watenga mphuno ndi makutu a kwawoko, ayamba kutuma anthu ati tikufuna timuone mdzukulu wathu. Mdzukulu wake uti? Amene anabadwa inu mukuvina pachinkhoswe? Mxii.

Tsono mverani. Lamulo lili mbali yanu ngakhale simunakwatirane. Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imati mwamuna amene wavomera mimba, kapena amene khoti lapeza kuti ndi mwini wake, azisamala mayiyo nthawi yonse yoyembekezera ndiponso alipire zofunika pobereka. Mwana akabadwa palinso Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 yomwe imakakamiza kholo kupereka chisamaliro. Ine zimenezi ndinazidziwa mwana ali ndi miyezi inayi, mundimvetse kuwawa kwake. Yambirani ku Victim Support Unit ya kupolisi yapafupi, amamuyitanitsa kuti mukambirane. Zikakanika pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu kapena kukhoti la majisitireti, ndipo a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha ife osakwanitsa kulipira loya. Mameseji onse a pa WhatsApp ajambuleni lero lomwe, ngakhale aja a Airtel Money omwe ankakutumizirani chikondi chili pamoto, osafufuta ndi mkwiyo ngati momwe ndinachitira ine. Akayamba kukuopsezani imbani 5600, ndi nambala yaulere ya a YONECO ya nkhani za nkhanza.

Ine khoti linagamula kuti azipereka K30,000 pamwezi. Anapereka miyezi iwiri, wachitatu anasiya ntchito n'kulowera ku Johannesburg, mkazi wa chinkhoswe uja anamusiyanso ali ndi pakati. Thiransipoti yomwe ndinawononga poyendera mlanduwo mwina inaposa zomwe ndinalandira. Komabe pitani. Wanuyo mwina ali ndi ntchito yomwe sangaithawe, ndipo pepala la khoti ndili nalo mu sutikesi, tsiku lomwe adzaponde Malawi muno tidzaonana.

Amene mukulemba kuti akalembetse Mtukula Pakhomo, musamunamize mnzathuyu. Si thandizo loti ukakhala ndi mimba umakalembetsa pa ofesi ayi. Amasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga a nkhalamba zolera ana amasiye, ndipo mayina amachokera m'madera momwemo. Kufunsa kwa a Social Welfare sikulakwa, koma musawerengere pamenepo. Ndipo poti mwalemba pagulu chonchi, muona ku inbox. Kubwera ena ati ndife bungwe la kunja lothandiza amayi oyembekezera, tumizani kaye ya fomu. Akuba amenewo. Kubweranso azibambo "achifundo" ofuna kudziwa komwe mumakhala. Bulokani onse.

Simunanene ngati muli pa ntchito. Ngati mwalembedwa penapake, Employment Act imakupatsani tchuthi cha uchembere cha masabata 8 mukulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kukuchotsani chifukwa cha mimba ndi mlandu. Ngati ndi geni, lowani banki m'khonde ya amayi omwe mukuwadziwa nkhope ndi makomo awo, ndipo mukapeza kandalama gulani chinthu chimodzichimodzi, lero chitenje, mawa sopo, osasunga ndalama m'manja, inandiphunzitsa Novembala ija. Katapila musayandikire n'komwe. Ine ndinatenga K20,000 n'kubweza K40,000 ndikulira, ngakhale kunena zoona ndi yomwe inatidyetsa mwezi woyamba uja ndisanayambe kukazinga.

Abale a mwamuna musawapemphe kanthu, mungodzichotsa ulemu. Koma mwina fufuzani mmodzi wamtima, poti kwa ine mchemwali wake wamng'ono ankabwera mobisa ndi sopo ndi shuga. Kumpingo kwathu anandiimitsa kaye, ndinakwiya n'kusiya kupita, koma amayi a komweko ndi omwe anabwera ndi ufa ndi nkhuni mwana atabadwa. Kaya kwanu ndi a Mvano, a Dorika kapena a kumphakati, uzani mayi mmodzi wamkulu. Ndipo mayi anu auzeni sabata ino. Anga anakalipa tsiku limodzi, lachiwiri anakwera basi ndi thumba la mbatata ndi nyemba.

Ngati muli ku Blantyre kuno, beseni lija lilipo, tizovala ta miyezi yoyamba ndi shawelo imodzi ndinasunga. Ndi ta mwana wamkazi koma wakhanda sasankha mtundu. Ndilembereni ku inbox, ine ndine mayi, sindikufunsani ya fomu.