Mafunso Anu pa Mafilimu: Wolemba Buku Akaonekera Pakanema

FUNSO: Akonzi, ndamva kuti olemba mabuku ena amaonekera m'mafilimu otengedwa m'mabuku awo. Amawaika pati, ndipo ndingawazindikire bwanji?

YANKHO: N'zoona, ndipo nthawi zambiri amangowapatsa kagawo kakang'ono. Peter Benchley, amene analemba Jaws, ndiye mtolankhani wa pa TV amene amalankhula ali pagombe mu filimu ya 1975. Stephen King ndi m'busa wa pamaliro mu Pet Sematary ya 1989. S. E. Hinton anakhala namwino mu The Outsiders ya 1983, ndipo John Irving anayimbira mpikisano wogwetsana mu The World According to Garp ya 1982, masewera amene iye mwini ankawadziwa bwino.

Taonani ntchito zimenezi: mtolankhani, m'busa, namwino, woyimbira. Onsewa amalankhula mawu ochepa, apantchito, osafunika kulira kapena kupsa mtima. Wolemba buku sanaphunzire zisudzo, choncho wotsogolera filimu amamuika pamene kuuma thupi sikungaonekere. Amene anasenza katundu wolemera ndi James Dickey, wolemba buku la Deliverance, mu filimu yake ya 1972. Iye ndi mkulu wa apolisi amene amapanikiza ndi mafunso amuna amene apulumuka pa ulendo woopsa wa pamtsinje, chakumapeto kwa filimuyo, ndipo amachititsadi mantha.

Zimalakwika kamera ikachedwa pankhope ya wolembayo popanda chifukwa. Omudziwa amayamba kulozerana, osamudziwa amadabwa kuti mlendoyu ndi wofunika bwanji, nkhani n'kuduka. Kuti mumuzindikire, funani chithunzi chake cha zaka zimene filimuyo inajambulidwa, osati cha ukalamba wake, kenako werengani mayina kumapeto. Ena salembedwa n'komwe.

FUNSO: Mafilimu akale amanditopetsa, zithunzi zake sizioneka bwino. Alipo oyenera kutayirapo nthawi?

YANKHO: Alipo ambiri, koma yambani mwakonza TV yanu. Mafilimu ochuluka a chaka cha 1953 chisanafike anajambulidwa pa chithunzi cha pafupifupi 4:3, kutanthauza magawo anayi chopingasa ndi atatu chokwera. TV ikachitambasula kuti chidzaze galasi lonse, nkhope zimafutukuka. Chisiyeni mmene chilili, mizere yakuda ikhale m'mbali. Zimitsaninso motion smoothing, imene imaonjezera zithunzi pakati pa 24 zimene filimu imaonetsa pa sekondi, n'kuchititsa kuti zonse zizioneka zoterera ngati sewero la pa TV. Ndipo funani kope lokonzedwanso kuchokera ku filimu yeniyeniyo, chifukwa makope ambiri a pa intaneti anachokera pa matepi otha.

Musaganize kuti filimu imene sinatchuke ndiye kuti inali yoipa. The Night of the Hunter ya 1955 sinagulidwe, ounika mafilimu anainyoza, moti wotsogolera wake, Charles Laughton, sanatsogolerenso filimu ina, koma lero ili m'gulu la zolemekezeka kwambiri. Sorcerer ya William Friedkin inatuluka mu 1977 patangopita mwezi umodzi Star Wars itatuluka, ndipo inaphimbika. Onerani pamene galimoto yonyamula mabomba ikuwoloka mlatho wazingwe mvula ili pakati, zonse zojambulidwa popanda kompyuta. Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal, ya 1973, inali yovuta kuipeza mpaka bungwe lokonzanso mafilimu akale la World Cinema Foundation litaikonzanso mu 2008.

Ipatseni filimu mphindi 20 foni ili kutali. Akale ankasiya kamera pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, ndipo maso amafuna kanthawi kuti azolowere.