Amplifaya yanga yatulutsa utsi

FUNSO: Akulu, ndinalumikiza ndekha kiti ya amplifaya ya ma tube (timababu tagalasi tokweza mawu) a mtundu wa EL84 ndipo imalira bwinobwino, koma dzulo ndasintha ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) kuti mawu akome, kungoyatsa ndamva phuu, kautsi konunkha, fyuzi n'kupsa. Kodi ndaipheratu?

YANKHO: Pepani achimwene, koma musaiyatsenso kaye, ndipo musayike fyuzi yaikulu, mungawotche thiransifoma yomwe ndi yodula kwambiri. Ine ndikukayikira capacitor ya electrolytic, ya mtundu womwe uli ndi mwendo wa positive ndi wa negative, mwina mwaitembenuza miyendo, mbali yomwe yajambulidwa mzere pa capacitor ndi ya negative, mukaiyika chagada imafufuma n'kuphulika. Musanagwire chilichonse mkatimo zulani pulagi, chifukwa ma capacitor akuluwo amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazimitsa, magetsi oti atha kukuphani ndithu, ndiye atsitseni ndi resistor (kachipangizo kochepetsa kayendedwe ka magetsi) kenako muyeze ndi mita mpaka afike pafupi ndi 0.

Yang'ananinso ma resistor akuda ngati makala ndi timadontho ta solder (chitsulo chosungunula cholumikizira mawaya) tomwe tagundanitsa njira ziwiri. Mukakonza, poyesa lumikizani babu la filamenti la mawati 60 pa waya wa magetsi olowa kuti magetsi adutse m'babumo asanafike mu amplifaya, likawala kwambiri osazirala ndiye kuti shoti ikadalipo. Sipika ikhale yolumikizidwa nthawi zonse mukamayatsa.