Za sefa yoyendera magetsi ija

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti sefa ikalumikizidwa ku magetsi imasiya kutsekeka komanso imachotsa poizoni m'madzi. Zoona zilimo, koma osati mmene ena akukokomezera.

Kusefa pakokha si nkhani yatsopano. Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan anapanga membrane (sefa yopyapyala kwambiri) yochotsa mchere m'madzi ku yunivesite ya UCLA ku America cha m'ma 1960. Chomwe chimasautsa mpaka lero ndi kutsekeka. Mabakiteriya amamatirira pamwamba pa sefa n'kupanga zoterera ngati ndere, laimu nayenso amaundana, pampu n'kumakankha movutikira, mapeto ake makina amaimitsidwa kuti atsukidwe ndi mankhwala.

Ndiye akatswiri amapaka sefayo carbon nanotubes (timachubu ta carbon tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso), kapena kuiumba ndi titanium oxide (chitsulo cha titanium chophatikizana ndi okosijeni) ya mtundu wa Ti4O7, kuti magetsi azidutsamo. Si magetsi ambiri ayi, mavoti awiri kapena atatu basi. Mabakiteriya ambiri ali ndi chaji ya negative, choncho sefa ikakhalanso negative amakankhidwa asanakhazikike, popeza chaji zofanana zimakankhana. Mukakweza mphamvu pang'ono, madzi amayamba kugawanika, tithovu ta haidrojeni timatumphuka pa sefapo n'kumanyamula litsiro lomwe linakakamira.

Pomwe ine ndimaona kuti pali phindu lenileni ndi pa poizoni. Sefa wamba imangomupatula, n'kukusiyirani madzi otsala oopsa kuposa poyamba, oti mukasowe kokataya. Yamagetsiyi imamusintha. Chromium 6 wochokera m'mafakitale opaka zitsulo amasanduka chromium 3, yemwe sawopsa kwambiri ndipo amadikha mosavuta. Brian Chaplin wa ku University of Illinois Chicago wasonyeza kuti Ti4O7 imatha kuphwanya ngakhale PFAS, mankhwala aja osawola.

Koma apa tcherani khutu. Madzi akakhala ndi mchere wa chloride, magetsi omwewo amatha kupanga chlorate ndi perchlorate, ndipo perchlorate imasokoneza chithokomiro. Mwachotsa poizoni wina, mwadzipangira wina. Nayo carbon ija imadyeka ikakhalitsa mbali ya positive.

N'chifukwa chake zambiri zikadali m'malabu ndi m'makina oyesera. Wina akakutsatsani sefa ya m'nyumba ponena kuti ndi ya mtundu umenewu, mumupemphe zotsatira za ku labu zosonyeza zomwe zatsala m'madzi otulukawo, makamaka perchlorate.