Xeon yakale ndi Core i5: ikuposa inzake pa chiyani?

Funso: Ndimakonza makompyuta ku Limbe. Ndikulembera makasitomala uthenga wofananitsa mapurosesa awiri, Intel Xeon E5-2680 v4 yochotsedwa mu seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) ndi Intel Core i5-12400 ya desktop. Ndalemba kuti "purosesa ya seva yakale ndi yamphamvu kuposa ya desktop yatsopano." Mnzanga akuti Chichewacho chapindika. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo wakuuzani zoona, achimwene. Tiyambe ndi malo amene mwaika mfotokozi. Mawu akuti purosesa ndi seva onse amatenga mgwirizanitsi ya-, monga mmene amachitira mawu akuti nyumba. Mukalemba "purosesa ya seva yakale," wowerenga amamva kuti chakale ndi sevayo, chifukwa ndilo dzina lomwe lagundizana ndi mfotokoziyo. Lembani "purosesa yakale ya seva." Akachuluka, mgwirizanitsi amasintha: mapurosesa akale a seva.

Mawu akuti yatsopano nawonso asamalidwe. M'sitolo, chatsopano ndi chomwe chikadali m'katoni. Core i5-12400 inatuluka mu 2022 pomwe Xeon imeneyi ndi ya 2016, ndiye ngati mukunena za mbadwo wake, lembani kuti "yamakono," kapena ingotchulani chakacho. Kasitomala akamva kuti yatsopano n'kudzapeza kuti inagwirapo kale ntchito, adzati munamunamiza.

Koma vuto lalikulu lili pa "yamphamvu kuposa." Mneni kuposa amafuna kuti munene chimene mwayezera. Ng'ombe imaposa bulu pokoka pulawo, koma munthu atangoti "ng'ombe imaposa bulu" n'kukhala chete, mungamufunse kuti pa chiyani. Ndi momwemonso ndi mapurosesawa.

Xeon ili ndi ma core 14 (tizigawo ta purosesa togwira ntchito patokhapatokha) ndi ma thread 28 (mizere ya ntchito yomwe ingayende nthawi imodzi), ndipo liwiro lake limayambira pa 2.4 GHz n'kulekezera pa 3.3 GHz (GHz imayeza kugunda kwa wotchi ya m'purosesa pa sekondi). Core i5 ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, koma imafika pa 4.4 GHz, komanso core yake iliyonse imamaliza malangizo ambiri pa kugunda kumodzi chifukwa mapangidwe ake ndi apatsogolo. Ganizani za dima. Anthu 14 olima mwapang'onopang'ono amathandiza pamene munda wagawika mizere yambiri. Mzere ukakhala umodzi wokha, chofunika ndi changu cha munthu mmodzi, ena onsewo angoima ndi makasu awo. Kutsegula Word, kusakatula pa intaneti ndi magemu ambiri ndi ntchito za mzere umodzi kapena yochepa, ndipo pamenepo Core i5 imaisiya Xeon kutali. Ngakhale pa ntchito yogawika bwino, monga kusintha kanema kuchoka mu mtundu wina wa fayilo kupita mu wina, ma core 6 amakonowo amafika pafupifupi pomwe afika 14 akalewo.

Pomwe Xeon imapambanadi ndi pa katundu amene ingasenze. Ili ndi njira 4 zolankhulirana ndi RAM (momwe kompyuta imasungamo kwakanthawi zomwe ikugwira) pomwe Core i5 ili ndi 2, imalandira RAM yopitirira 1 TB pomwe inzakeyo imalekera pa 128 GB, imagwiritsa ntchito RAM ya ECC yodzikonzera zolakwika, ndipo ma Xeon awiri amatha kukhala pa motherboard imodzi (bolodi lalikulu lomwe zipangizo za kompyuta zimalumikizidwapo). Ndiye chiganizo chanu chikhale chotere: "Core i5-12400 imaposa Xeon E5-2680 v4 pa liwiro la core imodzi, koma Xeon imaiposa pa kuchuluka kwa ma core ndi RAM yomwe ingalandire." Ena amaika "kusiyana ndi" m'malo mwa "kuposa," monga "ndi yachangu kusiyana ndi Xeon," ndipo chimenecho ndi Chichewa chabwinobwino.

Funso: Nanga ndikalemba kuti "imathamanga kawiri kuposa inzake"?

Yankho: Kawiri ndi maulendo awiri. Wothamanga kawiri wathamanga, wapuma, wathamanganso. Chimene mukufuna ndi kuwirikiza: "liwiro lake ndi lowirikiza kawiri la inzake." Musalembe zimenezi musanayeze. Tsekani mapulogalamu ena onse, tsegulani Cinebench R23, pulogalamu yoyezera liwiro la purosesa, yesani mayeso ake onse awiri, a core imodzi ndi a ma core onse, n'kulemba manambalawo pamodzi ndi dzina la mayesowo. Fani ikakhala yodzaza fumbi kapena phala lapakati pa purosesa ndi choziziritsira likauma, purosesa imatentha n'kudzichepetsera yokha liwiro, ndipo nambala yanu idzakhala yabodza.

Funso: Pa pepala la Xeon palembedwa TDP 120 W, la Core i5 65 W. Ndinene kuti Xeon "imadya magetsi" 120 W?

Yankho: Kudya magetsi ndi mawu omveka kwa aliyense wogula mayunitsi, ndipo ndikuwavomereza. Koma TDP imanena za kutentha komwe choziziritsira chiyenera kuchotsa. Core i5 ya 65 W ija, ikapanikizika ndi ntchito, imaloledwa kukoka mpaka 117 W. Lembani kuti "choziziritsira chake chikhale chokwanira 120 W," ndipo mawu akuti kudya muwasungire nambala yomwe mwaiwerenga pa mita yolumikiza pasoketi.

M'uthengamo musaiwale kuwauza makasitomala zinthu zina ziwiri, poti ndi zomwe zimabweza anthu kusitolo ali okwiya. Xeon imeneyi ilibe gawo lotulutsa zithunzi, ndiye popanda khadi la graphics sikirini ikhala yakuda, pomwe Core i5-12400 ili nalo lakelake. Komanso Xeon E5 v4 siili pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka a Windows 11, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.