Chifukwa chake anemone sigaya ndere zomwe zili m'maselo ake

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti kanyama ka m'nyanja ka anemone kazisunga ndere m'thupi osazigaya, komanso ngati majini ake (malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA) amasintha nderezo zikalowa. Majiniwo sasintha ayi. Chomwe chimasintha n'choti ndi ati omwe akugwira ntchito panthawiyo, komanso mwamphamvu bwanji.

Zambiri zomwe zikudziwika zachokera ku kanyama ka mtundu wa anemone kotchedwa Aiptasia. Oweta nsomba za m'madzi amchere m'magalasi amadana nako chifukwa kamaswana mosaletseka, koma asayansi amakakondera khalidwe lomwelo. Chinanso, ukakachotsa ndere, kaya ndi madzi ozizira kwambiri kaya ndi menthol, kamayera mbee koma kamakhalabe moyo bola uzikadyetsa. Ndiye amatenga tinyama tiwiri ta DNA imodzi, kena kodera chifukwa cha ndere, kena koyera, n'kuyerekezera RNA ya tonse tiwiri, yomwe imaonetsa majini omwe akugwira ntchito. Gulu la John Pringle ku yunivesite ya Stanford litatero, linalengeza mu 2014 kuti majini oposa 900 amagwira ntchito mosiyana.

Nderezo, za banja la Symbiodiniaceae, zimakhala m'kati mwa maselo oyala mimba ya anemone, m'tizithumba tomwe selo limamezera chakudya, kungoti apa kugayako kumaima panjira. Chitetezo cha m'thupi nacho chimafatsa, moti puloteni ya NF-κB, yomwe imadzutsa chitetezocho, imachepa. Gulu la Annika Guse ku Heidelberg linaona kuti tiana ta Aiptasia timameza ndere zamitundumitundu, koma zosayenera timazilavula patapita kanthawi; yokhazikika ndi yomwe yatha kutonthoza chitetezo cha selo lomwe yalowamo. Majini a NPC2 amayambanso kugwira ntchito mwamphamvu, ndipo ntchito yawo ndi kutuluta mafuta a gulu la kolesterolo kuchokera ku ndere, poti anemone payokha siingawapange.

Koma kwa ine pagona nkhani ndi pa nayitrojeni. Ndere ikalandira dzuwa imapanga shuga wa glucose n'kupatsako anemone. Anthu ambiri amaima pomwepa n'kunena kuti ndi chibwenzi chokoma, wina nyumba wina chakudya. Sizophweka choncho. Anemone imatulutsa amoniya, yemwe ali ndi nayitrojeni, ngati zonyansa, ndipo kwa ndere amoniya ali ngati feteleza wa urea pachimanga: ikamupeza wochuluka imaswana mofulumira, shuga n'kumamugwiritsa ntchito yokha. Ndiye anemone imatani? Imadzutsa majini opanga ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) awiri, GS ndi GOGAT, omwe amatenga kaboni wochokera mu shuga uja n'kumuphatikiza ndi amoniya kupanga ma amino acid, zomangira mapuloteni. Ofufuza a ku yunivesite ya KAUST ku Saudi Arabia anafotokoza bwino zimenezi mu 2019. Ndere zikachuluka shuga amachuluka, shuga akachuluka anemone imakolopa amoniya wambiri, ndere n'kusowa nayitrojeni wogawikanira. Dzuwa likuwalabe, ndere ikupangabe shuga, koma ilibe pomugwiritsa ntchito, ndiye imamutayira kwa mwini nyumba. Kunena mosabisa, anemone imalamulira nderezo pozimana.

N'chifukwa chake kutentha kumasokoneza zinthu msanga. Madzi akatentha, nyamayo imafuna mphamvu zambiri, imayamba kuphwanya ma amino acid ake omwe, ndipo amoniya amasefukira. Ndere yapeza feteleza, yayamba kudzisungira shuga, nyamayo njala n'kukula. Zimenezi zinaoneka mu 2021 pa makorali (tinyama ta m'nyanja tosunganso ndere) a Stylophora pistillata a ku Red Sea, ndipo kusinthanitsa chakudyako kunali kutasokonekera kale makoraliwo asanayambe n'kuyera komwe. Makorali ndi abale a anemone, koma iwo akataya ndere kwa nthawi yaitali amafa. Madzi akangopitirira ndi digiri imodzi kutentha komwe anazolowera m'chilimwe, kwa milungu ingapo, zimakwanira kuyeretsa makorali ambirimbiri monga zinachitikira ku Great Barrier Reef, m'nyanja ya ku Australia, mu 1998, 2016 ndi 2017.