Funsani za kalata ya komiti musanalipire kalikonse

Achemwali, nkhani ya mwana wanuyo wofuna udokotala kudzera ku koleji yaing'ono yandikumbutsa chilonda, ife tinapsa nazo. Musakomedwe ndi timabuku tawo tonena kuti ana awo pafupifupi onse amalowa sukulu ya udokotala. Makoleji ena amangowerenga okhawo amene komiti yawo ya pre-med (maphunziro okonzekera sukulu ya udokotala) yawalembera kalata yowachitira umboni, amene anawagwetsa panjira sawatchula n'komwe.

Wanga wamkazi tinamupititsa ku kakoleji kena kuno ku America, m'chigawo cha Midwest, kooneka bwino, kalasi ya ana ochepa, aphunzitsi odziwa mwana aliyense dzina. Koma organic chemistry ankaphunzitsa bambo mmodzi yekha, semesita zonse ziwiri. Sanamvane naye, anapeza C, kothawira kunalibe. Biochemistry, imene yakhala ikufunsidwa kwambiri mu MCAT, mayeso olowera sukulu ya udokotala, kuyambira 2015, ankaiphunzitsa chaka chino n'kudumpha chamawa. Palibe anatiuza.

Chaka chachitatu anapita kwa mlangizi wawo kukapempha kalata ija. Mayiyo sanamupatse ndi mpando womwe. Anangotembenuza kompyuta, kumulozera GPA (avareji ya magiredi) ya sayansi ndi cholembera, n'kuti komiti sikulembera, kaganizire za unesi. Mwana anandiimbira ali m'galimoto panja pa ofesiyo, akusisima mawu osatuluka, mabuku a MCAT amene tinagula movutikira ali pampando pambali pake. Ine ndili kuntchito, magolovesi m'manja, ndikusambitsa agogo ena. Ndinakalowa m'chimbudzi kukalira. Unesi si ntchito yonyozeka, ndimagwira ndi manesi tsiku ndi tsiku, koma mayi ameneyu anali kuti zaka zonsezo? Mwana atapeza C bwanji osamuitana? Fizi ankalandira mosaphonya, ndiye kudzamutaya mwana wa eni kumapeto kuti nambala zawo zioneke zoyera. Mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Sanamuuzenso kuti sukulu zambiri zimalandira makalata a aphunzitsi payekhapayekha popanda komiti, tinachita kumva kwa ena nthawi itatha kale.

Komabe mwana wanuyo mupititseni ku koleji yaing'ono ndithu. Ku mayunivesite akuluakulu kalasi ya chemistry imadzaza holo, mphunzitsi sangamudziwe, nanga kalata yabwino adzalemba bwanji? Onani Xavier University of Louisiana ku New Orleans, yadziwika kwa zaka zambiri potumiza ana akuda ku sukulu za udokotala. College of Wooster ku Ohio mwana aliyense amachita kafukufuku wakewake chaka chomaliza ndi mphunzitsi pambali. Rhodes College ili ku Memphis, mzinda umodzi ndi chipatala cha St. Jude, mwayi wa labu uli pafupi. Earlham ili ku Richmond, Indiana. Ngati thumba ndi lopepuka yesani Berea ku Kentucky, salipiritsa tuition, ana amagwira ntchito pasukulupo.

Kulikonse kumene mupite afunseni maso ndi maso: mwa ana amene anayamba pre-med chaka choyamba, ndi angati anafika pofunsira malo? Komiti ili ndi GPA imene imadulira? Organic chemistry amaphunzitsa angati? Pali chipatala pafupi choti mwana azikatsatira madokotala, poti ena mwa makolejiwa ali pakati pa minda ya chimanga? Akayamba kuzungulira, nyamukani. Ndipo pre-med si digiri, atha kuphunzira chilichonse chimene amakhoza bola amalize biology, chemistry, physics ndi zinazo.

Chinanso, mapepala ake ali bwanji? Ngati ali pa viza ya ophunzira ya F-1 opanda green card, sukulu za udokotala zomulandira ndi zochepa, ngongole ya boma sangapeze, ndipo zina zimafuna muonetseretu ndalama za zaka zonse zinayi. Zimenezi muzidziwe panopa asanasankhe koleji. Ndilembereni ku inbox, mwana wanga atha kulankhula naye.